Chilumba cha Antigua ndi Mkulu Wachuma Allen Stanford

Madzulo a pa 1 Novembala 1981 anthu a pa zilumba za Antigua ndi Barbuda, m'nyanja ya Caribbean, adakondwerera kulandira ufulu wodzilamulira kuchokera kwa Angerezi. Patapita zaka 27, pa tsiku lomwelo m'chaka cha 2008, khamu la anthu lidasonkhananso pa bwalo la masewero pafupi ndi bwalo la ndege. Osewera kiriketi a ku England adakomana ndi timu ya anyamata a pa zilumbazo, ndipo mphotho yake idali madola 20 miliyoni a ku America. Anyamata a pa zilumba adapambana, ndipo yense mwa osewera 11 adalonjezedwa madola 1 miliyoni. Bwalolo, timuyo ndi ndalamazo, zonse zidali m'dzina la munthu mmodzi, Allen Stanford. Pasanathe miyezi inayi, chuma chake chonse chidali chitatsekeredwa ndi bwalo la milandu.

Stanford adabadwa m'chaka cha 1950 m'tauni yaing'ono ya Mexia, m'chigawo cha Texas ku America. M'chaka cha 1985 adatsegula banki pa chilumba cha Montserrat, chimene chili m'manja mwa Angerezi. Pamene boma la Britain lidayamba kufufuza mabanki okayikitsa pa chilumbacho, iye adasamutsira banki yake ku Antigua m'chaka cha 1990, ndipo pambuyo pake adaitcha Stanford International Bank.

Kuti timvetse chimene chidamukopa, tiyenera kudziwa m'mene Antigua adaliri. Dzikolo ndi laling'ono, anthu ake sadali kufika 100,000. Minda ya nzimbe imene idali kudyetsa anthu kuyambira nthawi ya ukapolo idali itafa, ndipo chuma chidatsamira pa alendo odzaona malo. Pofuna njira ina yopezera ndalama, boma lidakhazikitsa malamulo m'chaka cha 1982 olola anthu akunja kutsegula mabanki osunga ndalama za anthu a maiko ena, osalipira msonkho kwa zaka zambiri, ndiponso osaulula maina a eni ndalamazo. Ulamuliro udali m'manja mwa banja limodzi. Vere Bird adali nduna yaikulu kufikira 1994, ndipo mwana wake Lester Bird adalowa m'malo mwake kufikira 2004. Mbiri ya bomalo sidali yoyera. M'chaka cha 1990 bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi loya wa ku Britain, Louis Blom-Cooper, lidapeza kuti mfuti zochokera ku Israel zidadutsa ku Antigua kupita kwa ogulitsa mankhwala ozunguza bongo ku Colombia, ndipo lidalangiza kuti mwana wina wa nduna yaikuluyo, Vere Bird wamng'ono, asadzapatsidwenso udindo m'boma. Koma pambuyo pake adamupatsanso unduna.

M'dziko lotere Stanford adakula msanga. Adagula banki ya anthu wamba, Bank of Antigua. Adali ndi nyuzipepala yake, makampani a ndege, malo odyera ndi malo ambiri ozungulira bwalo la ndege. Kupatula boma, padalibe wina wolemba anthu ambiri ntchito kuposa iye. Boma likasowa ndalama linkapita kwa iye kukakongola, ndipo ngongole ina idali yomangira chipatala chachikulu cha dzikolo. Apa ndi pamene padagona vuto, pakuti wokongola sakweza mawu pamaso pa womukongoza. M'chaka cha 1998 boma la Lester Bird lidapatsa Stanford ntchito yotsogolera kukonza malamulo oyang'anira mabanki, chikhalirecho banki yaikulu koposa yoti iyang'aniridwe idali yake yomwe. Maboma a America ndi Britain adaona kuipa kwake, ndipo m'chaka cha 1999 adachenjeza mabanki ao kuti asamale pochita malonda ndi Antigua. M'chaka cha 2004 boma lidasintha, Baldwin Spencer nakhala nduna yaikulu, koma mphamvu za Stanford sizidachepe. M'chaka cha 2006 dzikolo lidamupatsa ulemu woti azitchedwa Sir Allen.

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Banki ya Stanford inkagulitsa zikalata zosungitsira ndalama kwa anthu a ku America, Venezuela, Mexico ndi maiko ena, nkumalonjeza chiwongoladzanja choposa cha mabanki ena. Anthu ankauzidwa kuti ndalama zao zaikidwa m'malonda odalirika. Zoona zake zidali zakuti gawo lalikulu linkapita ku makampani a Stanford amene sankapindula, ndi ku ndege, maboti ndi kiriketi. Wina akafuna kutapa ndalama zake, ankamupatsa zimene wosungitsa watsopano wabweretsa. Chinyengo chotere chimayenda pokhapokha ngati obweretsa ndalama akuchuluka kuposa otapa, ndiponso ngati woyang'anira mabuku watseka maso.

Woyang'anirayo adali Leroy King, mkulu wa bungwe la boma la Antigua loona za mabanki. James Davis, amene adali wosunga chuma wa Stanford, adavomera mlandu wake nauza bwalo kuti m'chaka cha 2003 Stanford ndi King adachita pangano la magazi, lakuti King sadzaulula kanthu. King adalandira ziphuphu zoposa madola 500,000, pamodzi ndi maulendo a pa ndege ndi matikiti oonerera mpira. Makalata achinsinsi akabwera kuchokera kwa ofufuza a ku America, iye ankawaonetsa kwa Stanford, ndipo anthu a Stanford ndiwo ankathandiza kulemba mayankho ake. Komabe tisaike mlandu wonse pa chilumba chaching'onocho. Lipoti la boma la America la m'chaka cha 2010 lidavomereza kuti ofufuza ake a ku Texas adayamba kukayika bankiyo m'chaka cha 1997, koma akuluakulu ao sadachitepo kanthu kwa zaka zambiri.

Chuma cha dziko lonse lapansi chitagwedezeka m'chaka cha 2008, anthu ambiri adafuna ndalama zao nthawi imodzi, ndipo nkhokwe idapezeka yopanda kanthu. Pa 17 Febuluwale 2009 bungwe la America loyang'anira malonda a ndalama lidasumira Stanford. M'mawa mwake mizere yaitali ya anthu wamba idaoneka pa makomo a Bank of Antigua, yense akufuna kupulumutsa kangachepe kake, mpaka banki yaikulu ya zilumba za kum'mawa kwa Caribbean idalanda bankiyo kuti isagwe.

Nkhani ya msonkho idatulukira mwezi wotsatira. Nthambi yotolera misonkho ku America idauza bwalo la milandu ku Dallas kuti Stanford adali ndi ngongole ya madola 226 miliyoni, kuphatikizapo zilango ndi chiwongoladzanja, pa zaka za 1999 mpaka 2003. Iye ankatsutsa zimenezi. Munthu amene magazini ya Forbes idati m'chaka cha 2008 adali ndi chuma cha madola 2.2 biliyoni, amene ankamwaza ndalama pa masewero, ndiye ankanenedwa kuti sadapereke gawo la boma la kwao. Tiyenera kunena mosamala kuti chimene adamangidwira sichidali msonkho. Mu Malichi 2012 bwalo la ku Houston lidamupeza wolakwa pa milandu 13 mwa milandu 14 yokhudza chinyengo cha madola pafupifupi 7 biliyoni, ndipo mu Juni lidamulamula kukhala m'ndende zaka 110. Ulemu wa Sir udali utachotsedwa kale m'chaka cha 2010.

King adalimbana ndi makhoti kwa zaka khumi kuti asatumizidwe ku America. Koma mlandu suola. Adatumizidwa m'chaka cha 2019, adavomera kulakwa m'chaka cha 2020, ndipo m'chaka cha 2021 adalamulidwa kukhala m'ndende zaka 10.

Amene adasenza katundu wolemera ndi anthu ang'onoang'ono. Osungitsa ndalama zikwizikwi, ambiri mwa iwo okalamba amene adaika m'menemo ndalama zao zopumira pa ntchito, adadikira zaka zambiri kuti abwezeredwe gawo chabe. Ku Antigua antchito mazanamazana adachotsedwa ntchito, ndipo dzina la dziko lidaipa pamaso pa amalonda. Malamulo oyang'anira mabanki adalipo, bungwe loyang'anira lidalipo, ndipo mkulu wake ankalandira malipiro a boma mwezi ndi mwezi. Chimene chidasowa ndi boma lotha kufunsa mlendo wolemerayo kumene ndalama zake zinkachokera, pakuti kuyambira pamene lidayamba kudya m'manja mwake, lidalibenso pakamwa pofunsira.