Mayi Elsa Beskow ndi Mabuku a Nyengo

Ngakhale mphunzitsi wa ku Moravia, Jan Amos Comenius, adasindikiza ku Nuremberg m'chaka cha 1658 buku la zithunzi lotchedwa Orbis Pictus, kuti ana aziona ndi maso zimene akuwerenga, padapita zaka zoposa 200 ntchito yojambulira ana isanayesedwe luso loyenera ulemu. Ndipo mwa onse amene adaikweza, ine ndiika patsogolo Mayi Elsa Beskow a ku Sweden, obadwira ku Stockholm m'chaka cha 1874.

Dziko lawo ndi la kumpoto, kumene masamba amafiira ndi kuyoyoka mu Seputembala ndi Okutobala, usiku nkumatalika, ndipo m'masiku a makolo munthu wosatuta pa nthawi yake ankaonana ndi njala chisanu chikakuta nthaka. Koma pamene mayiwa ankayamba kujambula, mabanja ochuluka anali kusiya minda kunka m'mizinda, kotero kuti mwana wobadwira pakati pa nyumba zosanjikizana akadakula osadziwa bowa wodyedwa ndi bowa wakupha.

M'chaka cha 1910 adatulutsa Tomtebobarnen, nthano ya kabanja ka tianthu tokhala pansi pa muzu wa mtengo wa paini, imene imayenda ndi chaka kufikira chisanu chitapita. Pamasamba a nyengo yokolola mpamene mtima wanga umakhazikika: tiana tovala zipewa zofiira zamathothomathotho oyera, zonga bowa wa m'nkhalangomo, tilikusenza bowa ndi zipatso kukasunga, pakuti m'banjamo ngakhale wamng'ono ali ndi gawo lake la ntchito, pena tiri chete pamaso pa kadzidzi, mphunzitsi wa ana a m'thengo. Chimene ndichilemekeza koposa nchakuti mayiwa sadanamize mwana. Tsamba adalijambula monga Mlengi adaliumbira, ndi mitsempha yake yomwe, podziwa kuti mmera mpoyamba, ndi kuti diso lozolowera choona paubwana silisokera msanga.

Iwo anali mayi wa ana aamuna 6, ndipo amuna awo, a Natanael Beskow, anali mlaliki. M'chaka cha 1927 mayiwa adaonjezapo Årets saga, buku lotsata miyezi yonse 12. Atamwalira mu 1953, bungwe la nyumba zowerengeramo mabuku ku Sweden lidakhazikitsa mu 1958 mphoto ya dzina lawo, imene amapatsa wojambula buku la ana lopambana chaka ndi chaka.