Ulendo wa Wodwala Wakumudzi ndi Zipatala za Mishoni ku Malawi

Pa Marko 2 timamva za munthu wofa ziwalo amene sakadafika kwa Yesu pakadapanda anthu anayi omunyamula. Mbiri ya zipatala za mishoni ku Malawi nayonso ndi nkhani ya mtunda umene uli pakati pa mphasa ya wodwala ndi khomo la dokotala.

M'chaka cha 1875, Dr Robert Laws wa ku Scotland anafika ku Cape Maclear pa sitima yotchedwa Ilala. M'mwezi wa Marichi 1876 anachita opaleshoni atagoneka wodwala ndi mankhwala a chloroform, chinthu chimene chinali chisanaonekepo m'chigawo chino. Mbiri inawanda yakuti mzungu akupha munthu, n'kumung'amba, kenaka n'kumudzutsa. Komatu malungo sanaope amishoniwo. Dr William Black anamwalira mu 1877, ndipo manda atachuluka anasamukira ku Bandawe mu 1881, kenaka ku phiri la Khondowe mu 1894. Kumeneko chipatala cha David Gordon Memorial chinatsegulidwa mu 1911.

Paphiri panali mpweya wabwino, koma odwala anali kunsi, m'midzi ya kunyanja. Mayi wovutika pobereka ankanyamulidwa pa machila, ndipo ambiri ankathera panjira. Dokotala mmodzi, ngakhale wodzipereka chotani, sakanatha kufika m'midzi yonse. Apa m'pamene ambirife timalakwitsa posimba mbiriyi: timatchula azungu okha, kuiwala ana a dziko amene anatengera mankhwala kumudzi. Ku mishoni ya Blantyre, Dr Neil Macvicar, amene anafika mu 1896, anayamba kuphunzitsa Aafirika ntchito yothandiza dokotala. Wodziwika mwa ophunzira akewo anali John Gray Kufa, amene pambuyo pake boma la atsamunda linamupha mu 1915 pa nkhondo ya John Chilembwe. Ndiye panali Daniel Malekebu, amene anamaliza maphunziro a udokotala ku Meharry Medical College ku America mu 1917. Iye anabwerera kwawo mu 1926 kukautsanso mishoni ya Providence ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, kumene anachiza ndi kulalikira.

Mu 1966 mipingo inagwirizanitsa zipatala zake m'bungwe limene lero likutchedwa Christian Health Association of Malawi. Zipatala za bungweli, monga Nkhoma, Ekwendeni, Embangweni ndi Mulanje Mission, zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo chonse cha zaumoyo m'dzikomo, makamaka kumidzi kumene chipatala cha boma chili kutali.

Koma tinene chilungamo, abale ndi alongo. Mtunda wina umene watsala ndi wa m'thumba. Ku chipatala cha boma salipiritsa, pamene ku mishoni amalipiritsa, pakuti mankhwala ngogula ndipo thandizo la mipingo ya kunja linachepa. Motero mlimi amene wagulitsa kale nkhuku zake amadutsa pa chipata cha mishoni ndi mwana wotentha thupi, kulunjika kwa sing'anga kapena ku chipatala cha boma chakutali. Kuyambira mu 2006 boma linayamba kupangana ndi zina mwa zipatalazi kuti lizilipirira amayi oyembekezera ndi makanda, ndipo amayi ochilira m'zipatalazo anachuluka. Koma boma likachedwa kupereka ndalamazo, zipatala zina zimayambanso kulipiritsa, ndipo mayi amene anayamba sikelo mwaulere amauzidwa mtengo mimba itakula kale.