Kupsinjika

Mawuwa akuchokera ku mneni "kupsinja", kutanthauza kuika chinthu cholemera pamwamba pa china mpaka chapansicho chilephere kutakataka, monga muja mwala upsinjira mbewa padiwa. Tikati munthu wapsinjika maganizo, tikunena kuti zimene waona kapena kumva zamulemera mumtima ndipo akusowa potulira.

Kupsinjika n'kosiyana ndi kutopa, chifukwa wotopa akagona amadzuka ali bwino. Sikutanthauzanso misala. Wopsinjika amasowa tulo, amalota zoopsa, sachedwa kupsa mtima, amadzipatula, mwinanso amathawira ku mowa.

Vutoli limagwira kwambiri anthu oyamba kufika pangozi: apolisi, ozimitsa moto, oyendetsa ambulansi ndi anamwino. Namondwe wa Freddy atagumula matope m'phiri la Soche mu Malichi 2023, asilikali, apolisi ndi odzipereka a Red Cross anafukula mitembo ku Chilobwe, kuphatikizapo ya ana. Zoterezi sizichoka msanga m'maso.

Chimene chimawathandiza anthuwa ndi kupuma mosinthana, kukambirana ndi anzawo apantchito, ndiponso uphungu wa akatswiri, monga a ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kapena a ku Zomba Mental Hospital. Akuluakulu apantchito asamaone wopempha thandizo ngati wamantha.