Sayansi ya ndale

Sayansi ya ndale ndi phunziro lofufuza za ulamuliro: momwe anthu amaupezera, momwe amaugwiritsira ntchito komanso momwe umawachokera m'manja. Limaunika malamulo oyendetsera dziko, zisankho, zipani, nyumba za malamulo, makhoti ndi ubale wa pakati pa mayiko. Ambiri amaganiza kuti limaphunzitsa munthu kukhala wandale, koma sizili choncho. Wandale amafuna mavoti, pamene katswiri wa phunziroli amafuna kudziwa chifukwa chake anthu avota momwe avoteramo.

Mbiri

Aristotle wa ku Greece amatengedwa ngati mmodzi mwa oyambitsa. Iye ndi ophunzira ake anasonkhanitsa malamulo oyendetsera mizinda 158 kuti ayerekeze maulamuliro ake. Koma phunziroli linadzaima palokha m'masukulu a ukachenjede mochedwa. Émile Boutmy anatsegula sukulu yomwe lero imatchedwa Sciences Po ku Paris mu 1872, ndipo John W. Burgess anayambitsa ina pa Columbia ku New York mu 1880. London School of Economics and Political Science inatsegulidwa mu 1895.

Zomwe ophunzira amaphunzira

Nthambi zake zikuluzikulu ndi maganizo a akatswiri pa za ufulu ndi chilungamo, kuyerekeza ndale za mayiko, ubale wa mayiko, ndi kayendetsedwe ka ntchito za boma. Palinso phunziro la njira zochitira kafukufuku, lomwe limafuna masamu owerengera anthu ndi zinthu. Ophunzira ena amene anathawa masamu ku sekondale amadabwa kuwapezanso kuno, chikhalirecho ndi gawo lomwe olemba ntchito amalifuna kwambiri.

Chitsanzo cha mafunso a m'kalasi ndi la njira yopezera wopambana pa chisankho. Kuyambira mu 1994, ku Malawi amene wapeza mavoti ambiri kuposa anzake ndiye ankakhala mtsogoleri wa dziko, ngakhale mavotiwo asafike theka. Pa 3 February 2020 khoti linathetsa zotsatira za chisankho cha 2019 ndi kunena kuti wopambana azipeza mavoti oposa theka. Wophunzira amafunsa kuti kusinthaku kumakhudza bwanji migwirizano ya zipani ndi kavotedwe ka m'zigawo.

Ku Malawi

Yunivesite ya Malawi ku Zomba ili ndi nthambi yophunzitsa za ndale ndi kayendetsedwe ka boma. Digiri yoyamba imatenga zaka zinayi kwa amene walowa ndi MSCE.

Kuphunzitsa phunziroli kumafuna ufulu wolankhula m'kalasi. Mu February 2011, mkulu wa apolisi wa nthawiyo, Peter Mukhito, anaitana mphunzitsi Blessings Chinsinga kukamufunsa za zomwe ananena m'kalasi, pamene anayerekeza kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja ku Malawi ndi mavuto omwe anautsa zionetsero ku Tunisia ndi Egypt. Aphunzitsi anzake a pa Chancellor College ananyanyala ntchito pofuna chitsimikizo cha ufulu wawo, ndipo maphunziro anasokonekera kwa miyezi yambiri. Mu 2022 Chinsinga anasankhidwa kukhala nduna ya maboma ang'ono.

Ntchito

Digiriyi ilibe ntchito yakeyake monga ilili ya udokotala. Ngakhale uphungu sufuna digiri: malamulo a Malawi amafuna kuti munthu akhale nzika yolembetsa m'kaundula wa voti, wa zaka zosachepera 21, wodziwa kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Motero omaliza maphunzirowa amapikisana ndi a zachuma, a mbiri yakale ndi a utolankhani pa ntchito zomwezo.

Ambiri amalowa m'boma ngati oyendetsa ntchito m'maunduna ndi m'makhonsolo, ndipo ena amakwera mpaka kukhala ma DC. Ena amagwira ntchito ku unduna woona za ubale ndi mayiko ena, ku Nyumba ya Malamulo ngati alembi ndi ofufuza a makomiti, ku bungwe loyendetsa zisankho la MEC, kapena ku NICE yomwe imaphunzitsa anthu za ufulu ndi udindo wawo. Mabungwe omwe si aboma amawalemba kuti azilondoloza momwe ntchito za chitukuko zikuyendera ndi kulemba malipoti. Odziwa masamu amapeza mwayi pa kafukufuku wa maganizo a anthu monga wa Afrobarometer, yemwe anayamba mu 1999. Kuphunzitsa pa yunivesite ndi ntchito zambiri za ku SADC, African Union ndi United Nations kawirikawiri zimafuna digiri yachiwiri, ndipo Chifalansa kapena Chipwitikizi chimaonjezera mwayi.