"Iyi ni Mac, siigwidwa vairasi": kodi mawu amenewa anacokera kuti?

Mlungu watha ku situdiyo, mnyamata amene amatithandiza kukonza mawu a mapulogilamu anabwera na MacBook imene anagula kwa munthu. N'namuona akuikamo pulogilamu yokonzera nyimbo, ija yothyoledwa imene anthu amatenga mahala pa intaneti. N'tamucenjeza, anangoseka. "Ba mudala, iyi ni Mac. Siigwidwa vairasi." Ambiri a ise tinakula tikumva zimenezi. Koma mbiri ya makompyuta a Apple ikamba zina.

Vairasi imodzi mwa zoyambirira kufalikira m'makompyuta a anthu wamba inali ya makina a Apple. Mu 1982, Rich Skrenta, mwana wa sukulu wa zaka 15 wa ku Pennsylvania ku America, analemba Elk Cloner pofuna kuseka anzake. Inali kubisala pa fulopi disiki ya Apple II. Munthu akaika disiki ina m'kompyutamo, nayonso inali kutenga matendawo. Brain, vairasi yoyamba ya makompyuta a mtundu wa IBM, inabwera patapita zaka 4, mu 1986, kucokera ku Lahore ku Pakistan. Macintosh nayonso siinapulumuke. Mu 1987 inagwidwa na nVIR, cakuti John Norstad wa pa Northwestern University analemba Disinfectant, pulogilamu yaulere yocotsa mavairasi pa Mac.

Nanga cikhulupiriro ciyambira pati? Mu 2001 Apple inatulutsa Mac OS X, yomangidwa pa maziko atsopano a Unix, ndipo mavairasi akale analephera kugwira nchito pamenepo. Panthawi imodzimodziyo makompyuta oposa 9 pa 10 alionse anali a Windows. Wopisa m'matumba amapita ku Soweto Market kumene kuli khamu, osati pa msewu wopanda anthu. Olemba mavairasi anacita cimodzimodzi, ndipo eni Mac anakhala pa mtendere zaka zingapo.

Apple inagwiritsa nchito mtendere umenewo potsatsa malonda. Kuyambira 2006 mpaka 2009 inaonetsa zotsatsa za pa TV zochedwa "Get a Mac". M'cimodzi mwa izo, John Hodgman, woimira PC, anali kuyetsemula na cimfine ca vairasi, pamene Justin Long, woimira Mac, anali bwinobwino. Koma mu February caka comweco ca 2006 panali patapezeka kale Leap-A, imene inali kudzitumiza kwa anzako kupyolera mu iChat. Siinawononge zambiri, cotero anthu sanailabadire.

Zinthu zinasintha Mac itayamba kugulidwa kwambiri. Mu May 2011 kunabwera MacDefender. Inali kunamiza munthu kuti kompyuta yake yadwala, kenako n'kumupempha manambala a khadi yake ya kubanki kuti "aicize". Pambuyo pake kunabwera Flashback, imene poyamba inali kunamizira kukhala Adobe Flash Player. Pofika kuciyambi kwa 2012 inali kuloŵera pa mpata umene unali mu Java, cakuti kungotsegula webusaiti yodwala kunali kokwanira. Oracle inatseka mpatawo mu February, koma Apple inatulutsa cigamba cake mu April. Mwezi umenewo kampani ya ku Russia, Dr.Web, inalengeza kuti ma Mac oposa 600,000 anali atagwidwa. Mu June 2012 Apple inacotsa pa webusaiti yake mawu onena kuti Mac siigwidwa mavairasi a PC, n'kuikapo ena onena kuti inapangidwa kuti ikhale yotetezeka.

Kucokera pamenepo akuba sanabwerere m'mbuyo. Mu March 2016 KeRanger inabisidwa mkati mwa Transmission, pulogilamu yodziŵika imene anthu anaitenga pa webusaiti yake yeniyeni. Inali kukhala cete masiku atatu, kenako n'kukhoma mafailo onse na kufuna bitcoin imodzi, pafupifupi madola 400 panthawiyo. Mu February 2021 kampani ya Red Canary inaulula za Silver Sparrow, imene inapezeka m'ma Mac pafupifupi 30,000 m'maiko 153, ndipo inali yokonzedwa kale kugwira nchito pa cipu catsopano ca M1. Mu May caka comweco, pa mlandu wa Epic Games na Apple, Craig Federighi, mkulu woyang'anira mapulogilamu ku Apple, anavomera m'khoti kuti kuculuka kwa mapulogilamu oipa pa Mac kunafika pamlingo umene iwo eni sanali kukondwera nawo.

Skrenta anali kungoseŵera. A masiku ano ali pa malonda. Mu 2023 Atomic Stealer inayamba kubwereketsedwa pa Telegram pa madola 1,000 pa mwezi. Imabisala m'mapulogilamu othyoledwa na m'zotsatsa zabodza. Ukaitsegula, imatulutsa kabokosi kooneka monga ka Apple kokupempha pasiwedi. Ukalemba, imatenga mapasiwedi onse osungidwa m'kompyuta na m'brauza, pamodzi na ndalama za crypto ngati ulinazo. Siiyetsemula monga Hodgman. Cakudza siciimba ng'oma.

Kunena zoona, Mac ili na alonda ake. XProtect inayamba mu 2009, Gatekeeper mu 2012, ndipo amagwira akuba ambiri. Koma pulogilamu yothyoledwa nthawi zambiri imabwera na malangizo akuti udumphe cenjezo la Gatekeeper, ndipo amene amatsegula geti ni mwini nyumba. Pamenepa m'pamene nkhaniyi itikhudza ife, opanga nyimbo, ojambula mavidiyo na ma DJ, amene timagula Mac yogwiritsidwapo kale nchito koma tilibe madola olipirira mapulogilamu mwezi na mwezi.

Mnyamata uja n'namufunsa cimene cili m'kompyuta yake. Anachula nyimbo za oimba atatu zosatuluka, peji ya Facebook ya nchito yake na imelo yolumikizidwa ku banki. N'namuuza kuti acotse pulogilamuyo, asinthe mapasiwedi pogwiritsa nchito foni, aike ma update amene anali kukana kwa miyezi, ndipo asunge nyimbozo pa hadi draivu ina. Anavomera zitatu. Za kucotsa pulogilamu, akuti tikambirana akatsiriza nyimbo ya kasitomala.