Hannibal ndi Giap: wamkulu ndani?

Anthu akamatchula akazembe a nkhondo otchuka, Hannibal wa ku Carthage sasowa pamndandanda, pomwe Vo Nguyen Giap wa ku Vietnam ambiri amamuiwala. Ine ndikuona kuti Giap ndiye woyenera kukhala patsogolo, chifukwa kazembe timamuyeza ndi zimene anthu ake adatsala nazo nkhondo itatha.

Luso la Hannibal palibe angalikane. Mu 218 BC adaoloka mapiri a Alps ndi asilikali komanso njovu, nagonjetsa Aroma ku Trebia ndi ku nyanja ya Trasimene. Ku Cannae mu 216 BC adauza asilikali apakati pamzere kuti azibwerera m'mbuyo mwadala, Aroma n'kumalowerera, mpaka okwera pamahatchi adawatsekera kumbuyo. Aroma zikwizikwi adaphedwa tsiku limodzi, ndipo njirayi amaiphunzitsabe m'sukulu za usilikali. Komabe adatha zaka pafupifupi 15 ku Italy osalanda mzinda wa Rome. Aroma adaleka kumenyana naye maso ndi maso, namusiya kuti afooke yekha. Kazembe wa Aroma Scipio atapita ndi nkhondo ku Africa, Hannibal adaitanidwa kwawo n'kukagonja ku Zama mu 202 BC. Pofika 146 BC, Carthage idali phulusa.

Giap adali mphunzitsi wa mbiri ku Hanoi, ndipo nkhondo adaiphunzirira kutchire. Mu 1951 adathamangira kulimbana ndi Afalansa pachigwa ku Vinh Yen, nataya anthu ambiri. Phunzirolo adalisunga. Ku Dien Bien Phu mu Januwale 1954 adaimitsa chiwembu chimene chidali chitakonzedwa kale, ngakhale asilikali adali atakoka mizinga ndi zingwe kukwera nayo mapiri. Adasankha kukumba ngalande n'kumayandikira pang'onopang'ono, mpunga ukubwera panjinga zokankha ndi pamapewa a anthu wamba. Nkhondo idayamba pa 13 Malichi, Afalansa adagonja pa 7 Meyi, ndipo mgwirizano wa ku Geneva udathetsa ulamuliro wawo ku Indochina chaka chomwecho.

Wina anganene kuti kuyerekezaku n'kokondera, poti Giap ankalandira zida kuchokera ku China pamene akuluakulu a Carthage sankatumizira Hannibal thandizo lokwanira. N'zoona ndithu. Koma kudziwa mphamvu za dziko lako usanaponye mkondo ndi mbali ya ntchito ya kazembe. Hannibal ankayembekeza kuti mizinda yogwirizana ndi Rome imugalukira. Capua idaterodi, koma yambiri ya pakati pa Italy idakana, ndipo analibenso njira ina. Chidandaulo cholemera kwambiri n'chakuti Giap sankaumira miyoyo ya asilikali ake. Ichi sindichipeputsa, pakuti amene adafa m'ngalande zija adali ana a anthu. Koma nawonso amene adatsatira Hannibal adathera m'mapiri ndi m'zigwa za Italy, dziko lawo osapindula kanthu.

Hannibal adafera kuchilendo ku Bithynia, atamwa poizoni pothawa Aroma. Giap adamwalira ku Hanoi mu 2013 ali ndi zaka 102, m'dziko lodzilamulira. Paukazembe, Giap adamposa Hannibal.