Kucokela pa kaseti kufika pa kabokosi ka pa shelufu

Pamene tinayamba kuthandiza pa wailesi ya m'dela lathu, tinapeza makatoni aŵili a makaseti m'kabati. Munali mau a mafumu, makwaya a m'midzi, ndi nthano za agogo amene anatisiya kale. Koma zambili zinali zitafufutika. Makaseti anali ocepa pa siteshoni, cakuti pulogilamu ya pa Mande inali kufafanizidwa kuti pajambulidwe ya pa Cisanu.

Kenako kunabwela ma CD, ndiyeno mafulashi. Fulashi tinaikonda, koma inatipweteka. Aliyense anali na yake, ndipo mnzathu akapeza nchito ku Lusaka, mapulogilamu a caka cathunthu anali kupita naye m'thumba.

Lomba tili na kabokosi kochedwa NAS, kamene ena amaika m'nyumba posungila zithunzi na mafilimu a banja. Muli ma hard disk aŵili, ndipo kamalumikizidwa ku rauta. Amene ali mu studio na amene ali pa laputopu panja amatsegula failo imodzimodzi popanda kupatsana fulashi.

Nzelu imeneyi ni yakale kupambana ife. Hard disk yoyamba, ya IBM mu 1956, inali na mbale 50 ndipo inali kusunga zilembo 5 miliyoni cabe, malo amene nyimbo imodzi ya MP3 ingadzaze. Mu 1984 kampani ya Sun Microsystems inapanga NFS, njila yakuti kompyuta iŵelenge mafailo a pa kompyuta ina monga ni ake. Mu 1988 akatswili atatu a ku Berkeley, Patterson, Gibson na Katz, anafalitsa pepala lofotokoza RAID: kugwilizanitsa madisiki ochipa kuti imodzi ikafa, zinthu zisatayike. Kwa zaka zambili izi zinali za makampani aakulu. Makampani a ku Taiwan monga Synology, imene inayamba mu 2000, na QNAP ya mu 2004, ni ena mwa amene anazicepetsa mpaka kukwana pa shelufu.

Apa m'pamene ambili timanamizika. Madisiki aŵili m'bokosi limodzi ali monga amapasa ogona pa mphasa imodzi. Mukafufuta failo molakwitsa, imafufutika konse kuŵili. Mphenzi ikaloŵa mu waya, kapena kawalala akanyamula bokosi, zonse zapita. Mu 2024, madzi atacepa ku Kariba, malaiti anali kuzima maola ambili tsiku lililonse, ndipo disiki imaonongeka ikazimitsidwa mwadzidzidzi pamene ikulemba. Tinagula UPS tisanagule mipando yatsopano, ngakhale ena anadandaula.

Timakumbukilanso Hugh Tracey, amene anajambula nyimbo za Aceŵa, Ansenga na mitundu ina kuno na ku Nyasaland ca m'ma 1950. Nyimbozo zimamvekabe lelo cifukwa zinasungidwa ku International Library of African Music, imene anakhazikitsa mu 1954, ndipo manje ili ku Rhodes University ku South Africa. Zimatiŵaŵa kuti mau a makolo athu ali kutali conco, koma alipo, pamene ambili a m'kabati yathu kulibe.

Conco pa Cisanu paliponse timakopela zonse pa disiki yacitatu. Mlongo wathu amene amaŵelenga nkhani madzulo amaikulunga mu citenge n'kupita nayo kunyumba kwake, kutsidya la msika.